Dzanzi lili ku zala, koma vuto lili m'khosi

Kwathu kuno munthu wamkulu sayenda atasanjika dzanja pamutu popanda chifukwa, ndipo amene wakumana naye ali choncho amayamba wafunsa kuti kwagwanji asanapereke n'komwe moni. Komabe alipo anthu amene amachita zimenezi kulibe maliro, kulibenso uthenga woipa, kungoti akakweza mkono n'kuika chikhatho pamutu, ululu umene umatsika kuchokera m'khosi kudzera paphewa mpaka ku zala umayamba wazizirako. Ine ndinakhalapo m'gulu la anthu amenewa, ndipo kuchipatala anandiuza kuti kakhalidwe kameneka amakadziwa bwino, moti amakawerengera m'gulu la zizindikiro zoti mtsempha wapanikizika pamene umatulukira m'khosi, pakuti kukweza mkono kumapangitsa mtsemphawo kuleka kukokeka. Madokotala amatcha vutoli cervical radiculopathy, ndipo chithandizo chimene odwala ambiri amapatsidwa ndi cha mafizo, chomwe chili ndi mbali ziwiri: zimene katswiri amachita ndi manja ake pakhosi la wodwala, ndi zimene wodwalayo amachita yekha. Anthu ambiri timakhulupirira kwambiri mbali yoyambayo, pamene mbali yachiwiri ndi imene imasenza katundu wochuluka.

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi linzake, kupatula awiri apamwamba, pali disiki, kanthu kofewerapo kamene kamaletsa mafupawo kukhulana ndiponso kamalola khosi kupindika. Mkatikati mwa mafupawa muli ngalande imene mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo kutsikira kumsana, ndipo m'mbali mwake muli timabowo momwe mumatulukira mitsempha 8 kumanja ndi 8 kumanzere, imene madokotala amaiwerenga kuyambira C1 mpaka C8. Mitsempha imeneyi si yoyendamo magazi ayi, ndi yonyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi thupi, ndipo uliwonse uli ndi dera lake. Umene umapanikizika kawirikawiri ndi wa C7, ndipo mwini wake amamva dzanzi pachala chapakati, navutika kukankha chitseko cholemera chifukwa mnofu wa kumbuyo kwa mkono wafooka. Wotsatira ndi wa C6, umene umatsikira ku chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Wa C8 umafika ku kachala kakang'ono, pamene wa C5 nthawi zambiri umathera paphewa. N'chifukwa chake katswiri wodziwa ntchito amatha nthawi yaitali akufunsa za zala ngakhale wodwalayo akuloza khosi.

Kabowo kotulukira mtsempha kamachepa m'njira ziwiri. Mwa achinyamata nthawi zambiri ndi disiki imene yang'ambika, ndipo zamkati mwake zatuluka n'kukagunda mtsempha. Mwa anthu achikulire, amene ndiwo ambiri, disiki imaphwa pang'onopang'ono ndi zaka, mafupa amayandikana, ndipo m'mphepete mwa mfundo mumamera timafupa towonjezera. Kafukufuku wotchuka pa nkhaniyi anachitika mumzinda wa Rochester ku Minnesota m'dziko la America, komwe anaunika mabuku a odwala kuyambira 1976 mpaka 1990. Anapeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 83 pa anthu 100,000 aliwonse amadwala vutoli, kuti limachuluka kwambiri pakati pa zaka 50 ndi 54, ndiponso kuti odwala pafupifupi 15 okha pa 100 aliwonse ndiwo anakumbukira ngozi kapena ntchito yolemetsa imene inayambitsa ululuwo. Enawo anangodzuka nawo, ndipo tikudziwa tonse kumene maganizo a munthu amathamangira matenda akabwera usiku popanda chifukwa chooneka. Chofunika kwambiri pa zimene anapezazo n'chakuti atawatsatira odwalawo kwa zaka zingapo, 90 pa 100 aliwonse anali atachira kapena anangotsala ndi vuto lochepa.

Munthu angafunse kuti zimatheka bwanji kuchira pamene timafupa towonjezerato sitinachotsedwe. Yankho lake ndi lakuti ululu subwera chifukwa cha kupanikizika kokha. Mtsempha umene wakwiyitsidwa umatupa, magazi amayenda movutikira pamalopo, ndipo zamkati mwa disiki yong'ambika zili ndi mphamvu yoyambitsa kutupa kwina. Kutupako kukaphwa, mtsempha umakwananso m'kabowo komweko ngakhale ndi kopanikiza, ndipo nthawi zambiri thupi limayamwa lokha mbali ya disiki imene inatuluka. Zonsezi zimatenga milungu kapena miyezi, ndipo palibe dzanja la munthu limene lingalowe m'malo mwa nthawi imeneyi.

Nanga mafizo ndi a chiyani ngati ambiri amachira okha? Ku Netherlands anayesa funso lomweli, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2009 m'magazini ya zachipatala ya BMJ. Odwala 205 amene anali asanathe mwezi akumva ululu anagawidwa patatu: ena anavala kolala yochirikiza khosi ndi kupuma, ena anachita mafizo kawiri pa mlungu kwa milungu 6, ndipo ena anangouzidwa kudikira. Pa muyeso wa ululu wothera pa 100, ongodikirawo ululu wa mumkono unatsika ndi 19 m'milungu 6, pamene a kolala ndi a mafizo unatsika ndi 12 wina pamwamba pa 19 ameneyo. Pofika miyezi 6, magulu onse atatu anali atafanana. Ena akawerenga zimenezi amati mafizo ndi kutaya ndalama, koma ine ndikuona kuti onena choncho sanagonepo chokhala pampando chifukwa choopa kugoneka mutu pa pilo. Milungu 6 yogona tulo ndi yogwirako ntchito si yofanana ndi milungu 6 yobuula, ngakhale zonse zikathere pamodzi.

Dzanja lisanakhudze khosi payenera kukhala kuyeza, ndipo apa ndi pamene katswiri amasiyana ndi munthu wongodziwa kusisita. Mu 2003 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Robert Wainner ku America linasonyeza kuti njira zinayi zosavuta, zikagwirizana zonse, zimapereka chitsimikizo cha pafupifupi 90 pa 100 kuti vuto ndi mtsempha wa m'khosi. Yoyamba ndi imene Roy Spurling ndi William Scoville anafotokoza mu 1944, yopendeketsa mutu ku mbali yopwetekayo n'kuupsinja pang'ono kuti aone ngati ululu utsikira mumkono. Kenaka amakoka mutu mofatsa kuti aone ngati ululuwo uchepa, amatambasula mkono m'njira yokoka mtsempha, ndiponso amaona ngati khosi likulephera kucheukira ku mbali yodwalayo kupyola madigiri 60. Amayezanso mphamvu ya minofu ndi kugogoda pachigongono ndi kanyundo ka mphira. Zonsezi sizifuna magetsi kapena makina, chinthu chimene chili ndi phindu lake kuno kwathu kumene makina a MRI, ojambula m'kati mwa thupi, ndi owerengeka. Ndipotu chithunzi chimatha kuopseza munthu pachabe: ku Japan anajambula makosi a anthu 1,211 amene sankamva ululu uliwonse, ndipo mu 2015 analengeza kuti pafupifupi 88 pa 100 aliwonse anali ndi disiki yotukuka.

Kuyezako kumathandizanso kupatula anthu amene sayenera kugwidwa khosi n'komwe. Munthu amene wayamba kulephera kumanga mabatani, amene zolemba zake zasintha, amene akuyenda dzandidzandi, amene dzanzi lagwira manja onse awiri kapena miyendo, kapena amene akuvutika ndi mkodzo, angakhale kuti wapanikizika mtsempha waukulu uja wa mkatikati, ndipo ameneyo afunika dokotala msanga. Chimodzimodzinso amene ululu wa khosi wabwera pamodzi ndi kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, chifukwa TB ya mafupa a msana si yachilendo m'zipatala zathu, komanso amene anadwalapo khansa kapena wangochita ngozi ya pamsewu. Ululu wa mkono wamanzere wobwera ndi kubanika kapena kulemera kwa pachifuwa ungakhale wa mtima. Mashingozi amayambanso ndi ululu wotentha wotsata mtsempha umodzi matuza asanatuluke, ndipo dzanzi la matenda a shuga limakonda kuyambira kumapazi onse awiri. Woyamba kusisita asanafunse mafunso amenewa ndi woyenera kumuthawa, ngakhale atakhala ndi mbiri yotani m'dera lanu.

Ntchito ya manja yeniyeni ndi yofatsa kuposa mmene anthu amaganizira. Wodwala amagona chagada kapena chafufumimba, ndipo katswiri amakankha mfundo imodzi ya khosi pang'onopang'ono mobwerezabwereza, osapyola pamene mfundoyo imathera yokha. Njira imeneyi inakonzedwa bwino ndi Geoffrey Maitland wa ku Australia, amene anagawa kukankhako m'magawo, kuyambira kogwedeza pang'ono pochepetsa ululu mpaka kozama pofewetsa mfundo youma. Mnzake wa dziko lomwelo, Robert Elvey, anaphunzitsa njira yosuntha khosi cham'mbali, kulichotsa ku mkono wopwetekawo, ndipo imeneyi ndi imene inkandipatsa mpumulo woonekeratu: zala zinkapepuka ndikadali pabedi pomwepo. Palinso kukoka mutu mofatsa ndi manja kapena ndi thaulo lokoleka kunkhongo, kufewetsa minofu ya paphewa imene imakungika poteteza malo opwetekawo, ndi kugwira mfundo za msana wa pakati pa mapewa, zimene zikauma zimasiyira khosi ntchito yonse yocheuka.

Chimene manjawo sachita ndi kubwezera fupa m'malo mwake, chifukwa palibe fupa limene lachoka. Sabwezeranso disiki mkati. Zimene amachita ndi kutsegula kabowo kaja kwa kanthawi, kuthandiza magazi kuyenda, kumasula minofu, ndiponso kutontholetsa mitsempha ndi ubongo zimene zakhala tcheru mopyola muyeso. Mpumulo umenewu ndi weniweni koma sukhalitsa. Umatha pakapita maola kapena masiku ochepa. Amayi a mafizo amene ankandithandiza sankabisa zimenezi, ndipo ankangoti akandichotsa manja, nthawi yomweyo n'kundiuza kuti ndiyambe zanga khosi likadali lomasuka. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani yonse mmene ine ndikuionera: ntchito ya manja imagula nthawi yochepa imene munthu angasunthe khosi ndi mkono osaopa, ndipo nthawiyo ikapanda kugwiritsidwa ntchito, wodwala amabwerera mlungu wotsatira ali chimodzimodzi, atangoluza ndalama ya minibasi.

Nkhani ya kuliza khosi ndiyofunika kuinena mosapita m'mbali, chifukwa mavidiyo a pa TikTok ndi Facebook achititsa anthu kuganiza kuti khosi likapanda kulira ndiye kuti chithandizo sichinachitike. Phokosolo limachokera ku mpweya wa m'madzi a m'mfundo, monga zimakhalira poliza zala, ndipo silitanthauza kuti china chake chakonzeka. M'timabowo ta m'mbali mwa mafupa a khosi mumadutsanso mitsempha iwiri ya magazi yopita ku ubongo, ndipo kupotokola khosi mwadzidzidzi kungang'ambe khoma la mtsempha wotere n'kuyambitsa sitiroko. Sizichitika kawirikawiri, koma zikachitika kuwonongekako kumatha kukhala kosabwezeka, ndipo phindu la kupotokolako silipambana la kukankha kofatsa. Pa chifukwa chimenechi akatswiri ambiri, mtsempha ukakhala wotupa, salizako khosi, ndipo akafuna kugwira mofulumira amatsikira ku msana wa pakati pa mapewa. Wometa tsitsi kapena mnzanu wa ku masewera alibe chifukwa chogwirira mutu wa munthu wadzanzi.

Mafizo ochita wekha amayamba ndi kanthu kooneka kachibwana. Munthu amagona chagada, kathaulo kopinda kali kunkhongo, n'kugwedeza mutu pang'ono kwambiri monga povomera, osaunyamula, osalimbitsanso minofu ikuluikulu ya m'mbali mwa khosi, ndipo amakhala choncho masekondi 10 asanamasule, kubwereza ka 10. Cholinga chake ndi kudzutsa timinofu ta mkati, toyandikana ndi mafupa, timene Gwendolen Jull ndi anzake a ku University of Queensland anasonyeza kuti timagwa ulesi mwa anthu a ululu wa khosi. Kwina ndi kukhala tsonga pampando n'kubweza chibwano cham'mbuyo molunjika, maso ali kutsogolo. Ululu ukayamba kuchepa amawonjezera kulimbitsa minofu ya kumbuyo kwa mapewa pokoka mphira, ndipo mphira yodula ku chubu chakale cha njinga, yomangirira pachitseko, imagwira ntchitoyi mokwanira. Pomalizira pake pamabwera kulimbitsa mkono wofookawo, kuyamba ndi kukankha khoma. Kuyenda ndawala tsiku ndi tsiku kumathandizanso, ngakhale anthu amakuderera chifukwa sikukhudza khosi.

Mbali imene anthu amalakwitsa kwambiri ndi ya mtsempha weniweniwo. Mkono ukamakoka, nzeru yachibadwa imati tiukoke kuti umasuke, ndipo munthu amapendeketsa mutu ku mbali ina n'kumadzikoka ndi dzanja. Mnofu umakonda zimenezo, koma mtsempha wotupa umadana nazo, ndipo umabwezera usiku. Chimene umafuna ndi kutsetsereka, monga waya wa buleki ya njinga amene amayenda m'chikopa chake ukamukoka mbali imodzi n'kumumasula mbali inayo. Motero munthu amatambasulira mkono cham'mbali pamlingo umene sukupweteka, ndipo pamene akupinda chikhatho cham'mbuyo amapendeketsa mutu ku mkono womwewo, kenaka pobweza chikhatho amabwezanso mutu. Amachita kangapo chabe, mosafulumira, n'kusiya dzanzi lisanawonjezeke.

Pa zonsezi pali muyeso umodzi umene ndikanakonda wodwala aliyense ataudziwa. Robin McKenzie wa ku New Zealand anaona m'zaka za m'ma 1950 kuti ululu wochokera kumsana ukamachira umabwerera kumene unachokera, ndipo zimenezi zimachitikanso pakhosi. Ngati dzulo ululu unkafika ku zala, lero ukuthera pachigongono, ndiye kuti zinthu zikuyenda, ngakhale khosi lenilenilo litawawa kuposa dzulo. Koma ngati khosi lapepuka pamene ululu watsikira kunsi kwa mkono, chimene mwachitacho n'choyenera kuchisiya. Muyeso umenewu umagwira pa mafizo, pa manja a katswiri, pa pilo watsopano ndi pa kakhalidwe ka pa ntchito, ndipo umamasula munthu ku mantha oganiza kuti kupweteka kulikonse ndi kuwonongeka.

Za makina okoka khosi akatswiri sanamvane. Kafukufuku wina wa ku America wa mu 2009, wa odwala 81, anapeza kuti kuwonjezera makinawo pa ntchito ya manja ndi mafizo sikunasinthe kanthu, pamene wina wa mu 2014, wa odwala 86, anapeza kuti amene anakokedwa ndi makina pamodzi ndi kuchita mafizo anali bwinoko patapita miyezi kuposa ochita mafizo okha. Ine ndimatengapo kuti amene amapepukidwa akakokedwa ndi manja angayese makinawo ngati alipo, koma palibe chifukwa chogulitsira mbuzi powafunafuna. Kolala nayo imathandiza m'milungu yoyambirira yokha, ndipo kuizolowera kumafooketsa minofu yomwe ija tikufuna kuidzutsa. Mankhwala monga brufen ndi diclofenac amachepetsa ululu kuti munthu athe kusuntha, koma kuwamwa milungu yambiri popanda dokotala kumawononga m'mimba ndi impso, ndipo ululu wa mtsempha nthawi zina umamvera bwino amitriptyline wochepa wa usiku, amene ndi dokotala yekha ayenera kulemba.

Kuno ku Malawi kulemera kwa mafizo a kunyumba kumakula chifukwa akatswiri ndi ochepa. Maphunziro a digiri ya ntchitoyi anayamba mu 2010 ku College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ambiri mwa akatswiriwa amapezeka m'zipatala zazikulu za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ku Kachere Rehabilitation Centre, ndi m'zipatala zolipira za m'tauni. Munthu wochokera kutali sangabwere kawiri pa mlungu monga odwala a ku Netherlands aja, choncho ulendo umene wakwanitsa ayenera kuugwiritsa ntchito pophunzira: achite mafizowo pamaso pa katswiri mpaka atawakhoza, apemphe kuti amujambule pa foni yake, ndipo afunse zizindikiro zoti abwerere msanga. Kuthowa ndi kansalu ka madzi ofunda kumamasula minofu ndipo kulibe vuto, malinga ngati madziwo ayesedwa ndi dzanja labwinolo, popeza khungu ladzanzi limapsa mwini wake osamva. Kutema mphini pamkono sikungafike pamene pali vuto.

Kusenza ndi nkhani ina yovuta, chifukwa kuuza mayi wa kumudzi kuti asiye kutunga madzi n'kosavuta kwa amene ali ndi mpopi m'nyumba. Ndowa ya malita 20 imalemera makilogalamu 20, thumba la chimanga ndi makilogalamu 50, ndipo nkhata imateteza liwombo, osati madisiki. Kale mu 1968 dokotala wa ubongo Laurence Levy, amene ankagwira ntchito mumzinda umene lero ndi Harare, analemba za kuvulala koopsa kwa makosi a amuna osenza matumba a ufa. Pa milungu imene mkono ukupweteka, katundu wa pamutu ayenera kuima, ndipo apa ndi pamene banja limaonekera; pambuyo pake munthu amayambiranso ndi theka la ndowa. Telala, dalaivala ndi wa pa kompyuta vuto lawo ndi kukhala malo amodzi nthawi yaitali mutu utatsogola, ndipo kudzuka pafupipafupi kumawathandiza kuposa kugula mpando wodula. Pogona, kugona chafufumimba kumapotokola khosi usiku wonse, pamene kugona chammbali, pilo atadzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa ndipo mkono wodwalawo uli pamwamba utatsamira pilo wina, kumapatsa ambiri tulo.

Opaleshoni ili ndi malo ake: pamene mkono ukufookerafookera, pamene mtsempha waukulu uja wapanikizika, kapena pamene ululu woopsa wakana kutsika patatha milungu 6 mpaka 12 ya chithandizo chochitidwa bwino. Ku Sweden anayerekeza odwala ochitidwa opaleshoni kenaka mafizo ndi odwala ochita mafizo okha, ndipo mu 2013 analengeza kuti a opaleshoni anapeza bwino mofulumirirapo m'chaka choyamba, koma pofika zaka 2 kusiyanako kunali kutachepa kwambiri. Kwa ochira popanda mpeni, ululu ndi umene umayamba kuchoka, mphamvu imabwerera pambuyo pake, ndipo dzanzi la kunsonga kwa chala limatha kutsalira miyezi ingapo, zomwe pazokha si zodetsa nkhawa ngati silikufalikira. Kafukufuku wa ku Rochester uja anapezanso kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse vutoli limamubwerera, n'chifukwa chake akatswiri amalangiza kupitiriza kulimbitsa khosi ndi mapewa kawiri kapena katatu pa mlungu ngakhale mkono utasiya kupweteka.